Tinatsatira magazi a ana athu mpaka ku Blantyre

Ife a komiti yoimira midzi pa kafukufuku wa malungo kuno ku Chikwawa tinatopa nalo funso la makolo: "Magazi a ana athuwa mumapita nawo kuti?" Sitiwadzudzula. Mphekesera za anamapopa za mu 2017, zomwe zinayambira ku Mulanje mpaka kuphetsa anthu, sizinachoke m'mitima. Ndiye tinapempha kuti tikadzionere tokha.

Tinanyamuka masana anthu khumi, amfumu awiri ali pomwepo, m'galimoto imodzi ndi bokosi lozizira lonyamula magazi a tsikulo. Tikukwera chitunda cha ku Thabwa injini inatentha. Ife tikudandaula dzuwa, namwino maso ali pa kachipangizo koyezera kuzizira ka m'bokosi muja. Kuzizira kwake kumayenera kukhala pakati pa madigiri 2 ndi 8, kupanda apo ntchito ya tsiku lonse yapita m'madzi.

Ku labotale anativeka magauni oyera. Anandipatsa kabotolo kamodzi ndigwire: magazi ake mamililita 5, sipuni yaing'ono ya tiyi. Dzina la mwana palibepo, nambala yokha. Makina ena amazunguza timabotolo mpaka magazi kulekana, ofiira pansi, madzi achikasu pamwamba. Kenako amasunga m'firiji ya madigiri 80 pansi pa ziro. Atangotsegula, utsi woyera unachita kuti fuu, amfumu ena n'kubwerera m'mbuyo.

"Nanga opita kunjawo, mayi?" anafunsa amfumu.

"Bwerani muone, amfumu."

Kabotolo kamalowa m'chitini chosadontha chokhala ndi nsalu yomwa madzi, chitinicho m'katoni yolimba yolembedwa UN3373, chizindikiro cha katundu wa mtundu umenewu. Mozungulira amathira dry ice, yooneka ngati madzi oundana, yomwe sisungunuka kukhala madzi koma imasanduka mpweya, n'chifukwa chake katoniyo saitseka kotheratu, ingaphulike. Ndege ikachedwa pa Chileka, a ku labotale mtima uli m'mwamba. Ndipo palibe katoni yotuluka m'dziko popanda chilolezo cha komiti yoona za kafukufuku, komanso pangano lolemba lonena zomwe olandirawo akachite nawo magaziwo.

Chinandikhudza ine ndi pepala la chilolezo lomwe makolo amasaina. Muli ndime yofunsa kholo ngati likulola kuti magazi asungidwe kapena atumizidwe kunja, ndipo likhoza kukana. Makolo ambiri kwathu amangodinda chala mwana akulira pamsana, ndimeyo osaimva. Tinapempha kuti aziwawerengera pang'onopang'ono, asanatulutse jakisoni. Anatiuza tilembe kalata, ndipo amfumu asaina kale.