Funso la cholembera chofiira: zimene ndaphunzira za chifukwa chimene anthu amapalamulira milandu

Mphunzitsi wathu atandibwezera nkhani yoyamba imene ndinalemba m'phunziro la zaupandu, ndinapeza kuti mfundo zanga sanazikhudze kwenikweni, koma m'mphepete mwa tsamba lachitatu anali atalemba funso ndi cholembera chofiira: "Anthu amene mukuwatcha apanduwa anawawerenga ndani, ndipo anawapeza kuti?" Ine ndinali nditaigawa nkhaniyo patatu monga amachitira mabuku ambiri, mbali ya thupi ndi chibadwa, mbali ya maganizo a munthu, ndi mbali ya chikhalidwe cha anthu okhala pamodzi, kenako ndinasankhapo imodzi kuti ndiyo yopambana, ngati kuti unali mpikisano. Funso lija linandinyansa kwa masiku angapo chifukwa ndinkaliona ngati lopatuka pamutu. Nditabwereranso ku zimene ndinawerenga, ndili nalo m'mutu, nkhani yonse inayamba kuoneka mwina.

Ndinayambira kwa Cesare Lombroso, dokotala wa ku Italy amene mu 1876 anatulutsa buku lonena kuti pali anthu obadwa ali apandu. Iye ankanena kuti ganizoli linamufikira akuyang'ana chigaza cha Giuseppe Villella, munthu wa ku Calabria, chigawo cha kumwera kwa Italy, amene anamwalira ali mkaidi, ataona kadzenje kunsi kwa chigazacho kamene ankakhulupirira kuti kamapezeka mwa nyama ndi mwa anthu akalekale. Kuchokera pamenepo anayeza akaidi ambirimbiri, nsagwada zawo, makutu awo, kutalika kwa mikono yawo, n'kunena kuti wapandu ndi munthu amene chibadwa chake chinabwerera m'mbuyo. Poyamba ndinkangomuseka. Koma kulakwa kwake si kwauchitsiru ayi, ndi kulakwa kumene wophunzira aliyense angakuchite: anapita kundende, anapezako anthu osauka, odwaladwala, okula movutika, ndipo zimene anaona m'matupi mwawo anaziyesa gwero la upandu, pamene zambiri zinali zipsera za umphawi. Dokotala wa ndende za ku England, Charles Goring, ndiye anachita chimene Lombroso sanachichite mokwanira. Mu 1913 anafalitsa zotsatira za kuyeza akaidi pafupifupi 3,000 n'kuwayerekeza ndi asilikali, odwala m'zipatala ndi ophunzira a m'mayunivesite a Oxford ndi Cambridge, ndipo sanapeze maonekedwe apadera a munthu wapandu. Chodabwitsa n'chakuti nayenso Goring anatsiriza ndi kunena kuti akaidi ndi ochepa nzeru mwachibadwa, osalingalira mokwanira kuti mwina ochenjera ndiwo sagwidwa.

Kulakwa komweku kunabweranso mu 1965, pamene Patricia Jacobs ndi anzake anapeza amuna angapo okhala ndi kromozomu Y yowonjezera (kromozomu Y ndi kachingwe ka chibadwa kopangitsa mwana kukhala wamwamuna) m'chipatala cha Carstairs ku Scotland, chosungirako odwala misala oopsa. Nyuzipepala zinalengeza kuti gwero la nkhanza lapezeka. Pambuyo pake zinadziwika kuti mwana wamwamuna mmodzi pa 1,000 aliwonse amabadwa wotero, ndipo ambiri a iwo amakhala moyo wawo wonse osaonana ndi woweruza.

Apa ndinkafuna kutseka chitseko n'kunena kuti nkhani ya chibadwa ndi bodza lokhalokha, pakuti mawu akuti "make mbuu, mwana mbuu" ndinkadana nawo kuyambira kale akamanenedwa pa mwana wa wakuba. Kafukufuku wa ku Denmark ndiye anandiletsa. Mu 1984 Sarnoff Mednick ndi anzake anaunika mbiri za ana oposa 14,000 amene analeredwa ndi makolo osawabereka, ndipo poti dzikolo limasunga bwino kaundula wa milandu, anatha kuona amene anapezekapo olakwa m'khoti. Mwa anyamata amene makolo awo onse, owabereka ndi owalera, analibe mlandu, 13.5 peresenti anapezeka olakwa. Pamene owalera okha ndiwo anali ndi mlandu, chiwerengero chinangofika pa 14.7 peresenti, pamene anali owabereka okha chinafika pa 20 peresenti, ndipo pamene mbali zonse ziwiri zinali ndi milandu chinafika pa 24.5 peresenti. Ndinakhala nthawi yaitali ndikuyang'ana manambala anayiwa. Sangakanidwe kuti china chake chimayenda m'magazi, ngakhale kuti mgwirizanowu unaoneka pa milandu ya katundu, osati ya chiwawa. Komabe nambala yomalizayo ikaitembenuza imanena chinthu china: ngakhale m'gulu limene zonse zinawaipira, anyamata atatu mwa anayi alionse sanapezeke ndi mlandu. Chimene chimatengedwa kwa makolo si kuba, chifukwa kuba ndi dzina limene lamulo limapereka ku chochita; mwina ndi kupsa mtima msanga, kusaugwira mtima, kapena kusaopa ngozi, zinthu zimene mwa munthu wina zimatulutsa wozimitsa moto wolimba mtima.

Kafukufuku amene anandithandiza kwambiri kuona mmene thupi ndi kakulidwe zimalukanirana ndi wa ku Dunedin, ku New Zealand, kumene ana 1,037 obadwa mu 1972 ndi 1973 akhala akutsatiridwa kuyambira ali aang'ono. Mu 2002 Avshalom Caspi, Terrie Moffitt ndi anzawo anaunika jini, kachidutswa ka chibadwa kochokera kwa makolo, yotchedwa MAOA, imene imakhudza kayendedwe ka mauthenga mu ubongo. Mtundu wake wofooka pawokha sunapangitse anyamata kukhala achiwawa. Koma anyamata amene anali nawo, n'kuchitidwanso nkhanza ali ana, anali 12 peresenti chabe ya anyamata onse, komabe 44 peresenti ya milandu yachiwawa imene khoti linagamula m'gululo inali yawo. Akatswiri ena obwereza kafukufukuyu apeza zofanana, ena ayi, choncho sindimuyesa mawu omaliza. Chimene anandiphwanyira ndi magawo atatu a nkhani yanga aja, pakuti sindikanadziwa kuti mwana womenyedwa wa ku Dunedin ndimuike m'gawo liti.

Kumbali ya maganizo, ndinakhalitsa pa John Bowlby, amene mu 1944 analemba za ana akuba 44 obwera nawo kuchipatala cha ana ku London. Mwa iwo, 14 anawaona kuti analibe chikondi kapena chisoni pa munthu aliyense, ndipo 12 mwa 14 amenewa anali atasiyanitsidwa ndi amayi awo kwa nthawi yaitali ali aang'ono. Nkhani zake n'zogwira mtima, ndipo m'nkhani yanga yoyamba ndinazilemba ngati umboni wosatsutsika. Funso lofiira lija linandikumbutsa kuti Bowlby yekha ndiye ankagamula kuti mwana uyu alibe chikondi, akudziwa kale kuti ndi wakuba, ndiponso kuti ana ambiri osiyana ndi amayi awo amene sanabe kanthu sanafike n'komwe pakhomo pake. Albert Bandura wa ku yunivesite ya Stanford ku America anaonetsa mu 1961 kuti ana oonerera munthu wamkulu akumenya chidole chopopa mpweya nawonso amachimenya motengera, nthawi zina ndi mawu omwewo, koma kumenya chidole chimene chinapangidwira kumenyedwa n'kutali ndi kuthyola nyumba.

Amene anandifika pamtima ndi Gresham Sykes ndi David Matza, amene mu 1957 ananena kuti achinyamata ambiri opalamula sakana kuti kuba kapena kumenya n'koipa, koma amaphunzira njira zogonetsera chikumbumtima kwa kanthawi. Wina amati si iye koma mowa, wina amati palibe amene wavulala, wina amati mnzakeyo anaziyamba dala, wina amati omuweruzawo ndi akuba oposa iye, ndipo wina amati sakanawataya anzake. Nditawerenga zimenezi ndinachita manyazi pang'ono, chifukwa mawu onsewa ndinawazindikira, ndipo ena ndinawanenapo ndekha pa zinthu zazing'ono. Mpanda umene ndinali nditamanga pakati pa "iwo" ndi "ife" unayamba kugwedera pamenepa.

Unagweratu nditaona nkhani ya msinkhu. Kuyambira nthawi ya Adolphe Quetelet wa ku Belgium, m'zaka za m'ma 1830, owerengera milandu akhala akupeza kuti kupalamula kumakwera kwambiri munthu akamasinkhuka, kumafika pachimake chakumapeto kwa unyamata, kenako kumatsika. Chibadwa cha munthu sichisintha akakwanitsa zaka 25, ndipo mabala a ubwana wake sachoka, nanga n'chifukwa chiyani ambiri amasiya? Moffitt anayankha mu 1993 kuti pali magulu awiri: ochepa amene mavuto awo amayamba ali aang'ono kwambiri n'kupitirira moyo wonse, ndi ambiri amene amangolowerera paunyamata, pamene thupi lakula koma anthu sanayambe kuwapatsa ulemu ndi udindo wa akuluakulu. Robert Sampson ndi John Laub, pounikanso mbiri za anyamata 500 opalamula a mumzinda wa Boston ku America, anapeza kuti banja lokhazikika ndi ntchito yodalirika zinabweza ambiri, ngakhale ena amene anayamba moipa zedi.

Akatswiri a chikhalidwe cha anthu amafunsa funso losiyana kotheratu, ndipo ndinachedwa kuzindikira zimenezi. Iwo safunsa za munthu mmodzi koma za malo ndi nthawi. Clifford Shaw ndi Henry McKay anatenga mapu a mzinda wa Chicago ku America n'kuikapo kadontho pa nyumba ya mwana aliyense amene anafika kukhoti la ana, kwa zaka zoposa 30. Zimene anafalitsa mu 1942 zinaonetsa kuti timadonthoto tinaunjikana m'madera oyandikana ndi pakati pa mzinda ndi mafakitale, kumene nyumba zinali zakutha ndipo anthu sankakhalitsa. Mfundo yaikulu inali yakuti anthu a m'maderawa ankasinthasintha, ochokera ku Germany ndi ku Ireland n'kulowedwa m'malo ndi ochokera ku Poland ndi ku Italy, kenako anthu akuda ochokera kuzigawo za kumwera kwa dziko lomwelo la America, koma milandu inkakhalabe yochuluka pamalo omwewo, ndipo mabanja akasamukira kumadera abwino milandu ya ana awo inkatsika. Magazi ankasamuka, upandu n'kutsala. Robert Merton, mu 1938, anawonjezapo kuti dziko likamauza aliyense kuti alemere koma n'kutsekera ambiri njira zovomerezeka, ena amadzitsegulira njira zawo.

Apa ndi pamene ndinali nditaimika mbendera m'nkhani yanga yoyamba, koma ndinali ndisanawerenge za mumzinda wa Philadelphia ku America. Marvin Wolfgang ndi anzake anatsatira anyamata 9,945 obadwa mu 1945, ndipo mu 1972 anaonetsa kuti anyamata 627 okha, pafupifupi 6 peresenti, ndiwo anali ndi milandu yoposa theka la yonse yolembedwa ndi apolisi. Ngakhale m'dera loipitsitsa, ana ambiri amakula osapalamula mlandu waukulu, ndipo mapu a Shaw ndi McKay sangafotokoze chifukwa chimene ana awiri a m'nyumba imodzi amatengera njira zosiyana. Tsopano ndimaona kuti mbali zitatuzi sizikulimbirana yankho limodzi. Wa chibadwa ndi wa maganizo akufunsa kuti bwanji uyu osati mbale wake, pamene wa chikhalidwe akufunsa kuti bwanji kuno osati uko. Ine ndimapendekerabe ku chikhalidwe, chifukwa milandu m'dziko imatha kukwera kapena kutsika kwambiri m'zaka khumi zokha, nthawi imene chibadwa cha mtundu wa anthu sichingasinthe, koma sindingathenso kunena kuti enawo alibe mawu.

Komabe ambiri mwa awa, kuyambira Lombroso mpaka Wolfgang, ankadalira kwambiri anthu amene apolisi, makhoti kapena zipatala anali atawasankha kale. Howard Becker ananena mu 1963 kuti chochita chimakhala cholakwa pamene anthu ena achitcha chotero n'kumata dzinalo pa wochichitayo, ndipo dzina likamatidwa limatha kutsekera munthu ntchito ndi abwenzi mpaka atsale ndi okhawo omatidwa anzake. Edwin Sutherland ndiye anaonetsa kuchuluka kwa opalamula amene salowa m'kaundula wa apolisi. Mu 1939 anauza akatswiri anzake kuti pali upandu wa anthu olemekezeka wochitikira m'maofesi, ndipo m'buku lake la 1949 anaunika makampani akuluakulu 70 a ku America n'kupeza zigamulo 980 zowapeza olakwa, pafupifupi 14 pa kampani iliyonse. Oyendetsa makampaniwa sanali osauka, ndipo palibe amene anapita kukawayeza nsagwada. Milandu yawo yambiri inkathera m'makhoti a chipukuta misozi ndi m'mabungwe a boma oyang'anira malonda, motero sinkalowa m'kaundula amene ofufuza ena onse ankagwiritsa ntchito. Osindikiza bukulo, poopa kusumiridwa, anamuuza Sutherland kuti achotsemo mayina a makampaniwo, ndipo buku lokhala ndi mayina onse linatuluka mu 1983, mwini wake atamwalira zaka 33 m'mbuyomo.

Nkhani yanga ndailembanso, ndipo tsopano ikuyamba ndi makampani 70 amenewa, Lombroso akubwera pambuyo. Ndime ya Dunedin ndaisuntha katatu ndipo sinapezebe malo okhazikika.