Phala la mwana: pomwe tafika ndi chimera, soya ndi ufa wa usipa

Ntchito yokonzanso kadyedwe ka pakhomo potsata njira za makolo tsopano yafika pa mphika wa mwana wa miyezi 6 mpaka zaka 2, ndipo gawo limeneli ndi lofunika kuposa onse. Kafukufuku wa Malawi Demographic and Health Survey wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Ambiri mwa ana amenewa amadya ndithu. Vuto ndi loti phala lawo limakhala madzi okhaokha.

Mwana wa miyezi 9 pa chakudya chimodzi amatha pafupifupi theka la kapu ya 250 ml, kamimba kake kadzadza basi. Kuti amezeke bwino, mayi amasungunula phala mpaka lizichita kuyenderera pa supuni, ndiye kuti ufa umakhala gawo limodzi chabe mwa magawo khumi, ena onsewo madzi. Mukalilimbitsa, mwana amalilavula. Chimera chimathetsa mkangano umenewu: phala lolimba la ufa wambiri chimalifewetsa popanda kuthiramo dontho la madzi, moti mu theka la kapu lomwelija mumalowa ufa wochuluka kawiri kapena kupitirira. Aliyense wodziwa kuphika thobwa anaonapo zimenezi, phala lija likamasungunuka lokha atangothira chimera. Nzeru ndi yomweyo, tangoisamutsira m'kambale ka mwana.

Kafulidwe ka chimera

Mawere ndi amene akutipatsa chimera chabwino kuposa chimanga ndi mapira. Amamera msanga, sachita chuku wamba, komanso ali ndi calcium (mchere wolimbitsa mafupa) wambiri, woposa 300 mg pa 100 g. Makapu awiri a mawere ndi okwanira banja limodzi kwa nthawi yaitali, chifukwa chimera chimalowa pang'onopang'ono.

Petani, chotsani timiyala, tsukani kawiri. Mbewu zoyandama zitayeni. Musagwiritse ntchito mbewu yopaka mankhwala yogula kuti mudzale, kapena chimanga chothira mankhwala a anankafumbwe. Viikani m'madzi aukhondo usiku umodzi, maola 10 mpaka 12. M'mawa khetsani madzi onse, yalani pa chiguduli chochapa bwino chonyowa, mulu wake usapitirire kukhuthala kwa zala ziwiri, kenako vundikirani ndi chiguduli china kapena masamba a nthochi. Ikani pamthunzi podutsa mphepo. M'mawa ndi madzulo wazani madzi pang'ono ndi dzanja n'kutembenuza.

Nyengo yotentha ya Okutobala mawere amakhala atamera pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu. Mu Juni amachedwerapo. Chimanga chimafuna masiku atatu kapena anayi. Chizindikiro ndi timizu toyera totalika ngati chikhadabo, ndipo mukatafuna njere imamveka kutsekemera pang'ono. Pamenepo yanikani padzuwa, pamwamba pa thandala osati pansi poyenda nkhuku, mpaka njere izithyoka ndi mano kuti khwa. Tikitani m'manja kuti timizu ndi timphukira tithothoke, petani, sinjani, sefani, sungani m'botolo louma lotseka bwino.

Kuchotsa mphukira si nkhani ya maonekedwe. Pa mapira makamaka, mphukira ndi mizu yake zimakhala ndi poizoni wa mtundu womwe umapezeka m'chinangwa chowawa, choncho wofula chimera cha mapira asasiye ngakhale pang'ono.

Zimene zimalakwika kawirikawiri ndi izi. Mulu ukakhuthala, pakati pamatentha n'kuyamba kununkha ngati matsukwa. Mbewuyo yafa chifukwa chosowa mpweya. Madzi akachuluka pamatuluka nkhungu yotuwa kapena yakuda, ndipo chimera chotero n'chotaya chonse, osati kungochotsa pamwamba. Chikamera mopitirira mpaka mphukira kubiriwira, chimawawa ndipo ufa wake umachepa. Chosauma bwino chimagwirana m'botolo patangopita sabata.

Nthawi yothira

Apa ndi pomwe ambiri amagwa mphwayi n'kunena kuti chimera sichigwira ntchito. Mphamvu yosungunula imene ili m'chimera imafa ndi moto waukulu. Mukathira phala lili kubwata, palibe chichitike.

Muyeso womwe ukuyenda bwino ndi uwu: masupuni aakulu anayi odzadza a ufa pa kapu imodzi ya madzi. Phikani mphindi 15 mpaka 20, lipse ndithu, lilimbe kuyandikira nsima yofewa. Phulani, dikirani mphindi ngati zisanu mukutakasa, nthunzi ichepe koma likhale lotenthabe moti chala simungachisiyemo. Thirani supuni yaing'ono imodzi ya chimera, takasani, vundikirani. Pakatha mphindi 5 mpaka 10, mthiko umene unkaima wokha pakati pa mphika umayamba kugwera m'mbali. Kenako bwezerani pamoto libwate mphindi ziwiri kapena zitatu. Kubwatitsa komalizaku kusadumphidwe, chifukwa chimera ndi chachiwisi, chinakhala masiku pachinyontho, ndipo chingathe kutsegula mwana m'mimba. Kumathandizanso kuti phala lisapitirire kusungunuka n'kubwerera ku madzi aja tikuwathawa. Phala labwino limakhala pa supuni, mukapendeketsa limagwa pang'onopang'ono.

Shuga safunikanso kwenikweni, chifukwa chimera chimasandutsa gawo la ufa kukhala lotsekemera.

Ufa wake

Pa phala la mwana tasankha mgaiwa. Ufa woyera umadutsa pokonola, kuviika mphale masiku angapo ndi kutsuka, ndipo njira yonseyi imachotsa gaga ndi mtima wa chimanga, momwe muli mafuta, mavitamini a gulu la B ndi mchere wofunika m'thupi. Komabe mgaiwa uli ndi zofooka zake, tisaunamizire. M'gaga muli phytate, amene amatsekereza thupi kuyamwa ayironi ndi zinki, komanso ngati chimanga chinali ndi chuku, poizoni wake wambiri amakhala kunja komweko, kumene wokonola amachotsa. Choncho chimanga cha mgaiwa chisankhidwe ndi dzanja pa lichero, njere zowola, zosweka ndi zofumbwa zichoke. Gayitsani pang'ono, wokwana masabata awiri kapena atatu, popeza mafuta a mtima aja amachititsa ufa kuwawa ukakhalitsa.

Kasakanizidwe ndi kofanana ndi ka Likuni Phala: magawo anayi a chimanga, gawo limodzi la soya. Soya ali ndi mwambo wake. Osamuviika m'madzi ozizira, chifukwa m'pamene pamachokera fungo lija ana amalikana. Wiritsani madzi kaye, thirani soya wouma pang'onopang'ono kuti madzi asaleke kubwata, aphike mphindi 30. Tsanulani, muziziritseni, tikitani makoko achoke, yanikani aume gwa, kenako sakanizani ndi chimanga popita ku chigayo. Soya wosaphika mokwanira amatupitsa mimba ndipo thupi silitenga bwino zomanga thupi zake. Kumene soya kulibe, nandolo, khobwe kapena nzama zokazinga zimalowa m'malo pa muyeso womwewo.

Zothira pamwamba

Ufa wa usipa kapena bonya ndi umene ukubweretsa gulu la zanyama m'kambale. Tsukani mchenga, yanikani, kazingani pang'ono pa chiwaya chopanda mafuta mpaka zizithyoka, sinjani zonse ndi mitu ndi minga yomwe, sefani ndi sefa wa mabowo ang'onoang'ono. Calcium ali m'minga, ayironi ndi vitamini A zambiri zili kumutu ndi m'mimba, ndiye wodula mitu amataya chuma chenicheni. Supuni yaing'ono imodzi pa kambale ndi yokwana, ndipo ilowe phala likuphikidwa. Sinjani wa sabata imodzi yokha. Mafuta a nsomba sachedwa kununkha.

Nsinjiro, supuni yaikulu imodzi. Pa mtedza tisanyengerere: wofwapa, wothimbirira, wowawa ndi wachuku ndi wotaya, chifukwa aflatoxin, poizoni wa chuku, saphedwa ndi kuphika kapena kukazinga. Chizolowezi chowaza madzi pa makoko kuti asendeke mosavuta chimabereketsa chuku chomwecho. Ndipo n'zomvetsa chisoni kuti mtedza wabwino umapita ku msika, wotsala posankha n'kukhala wa nsinjiro za pakhomo. Wa mwana uzichokera ku wabwino uja.

Tsiku lina m'malo mwa nsinjiro kanyanimo mbatata yofiira m'kati, monga Zondeni kapena Kadyaubwerere, ndi kasupuni ka mafuta ophikira, poti vitamini A amafuna mafuta kuti alowe m'thupi. Dzungu, mapeyala ndi mango akupsa zimagwira bwino pa nyengo yake. Tiyi asayandikane ndi chakudya cha mwana, amalanda ayironi. Kuyamwitsa kupitirire mpaka zaka ziwiri kapena kupitirira, phala limangoonjezera.

Gawo lotsatira ndi masamba. Mvula ikagwa nkhwani, chisoso, bonongwe, luni ndi chitambe zikachuluka, tidzafutsa poviika m'madzi obwata mphindi ziwiri kapena zitatu zokha, opanda soda kapena chidulo, n'kuyanika pamthunzi kuti kubiriwira kusachoke. Mfutso wina udzamangidwa m'chikwatu cha masamba a msuku monga mwa nthawi zonse, wina udzasinjidwa kuti uzilowa m'phala, theka la supuni yaing'ono poyamba, mwana azolowere kakomedwe kake.