Token ya Google imafa pakatha ola limodzi, nanga script yanu ikudziwa?

Anyamata ambiri amene ndimaonana nawo kuno ku Lusaka akamalemba ka script kotumiza mafayilo ku Google Drive kapena Dropbox amachita zofanana, amakopa token (kiyi imene imalola script kulowa mu akaunti ya munthu), kuiphatika mu code, kuyesa kamodzi, fayilo yakwera, basi ati ntchito yatha tiyeni tikadye. Mawa lake mwini shopu wa ku Kamwala akuimba foni kuti backup ya stock sikuoneka, mukatsegula log mukupeza 401 Unauthorized, kutanthauza kuti server yakana token, kuyambira pamwamba mpaka pansi.

Chikuchitika nchakuti access token ya Google amaipanga dala kuti ikhale masekondi 3600 chabe, ola limodzi. Dropbox nayo inasiya kupereka ma token osatha mu 2021, manje yawo imakhala pafupifupi maola 4. Zonsezi ndi OAuth 2.0, njira yopatsira app chilolezo cholowa mu akaunti ya munthu, imene inalembedwa mu 2012, ndipo nzeru yake ndi yakuti script yanu isagwire password ya munthu olo pang'ono. Imangonyamula token mu header, Authorization: Bearer kenako token ija, ndipo aliyense amene waigwira server imamutsegulira osafunsa kuti ndiwe ndani, ngati tikiti ya basi pa Intercity. Nchifukwa chake amaifupikitsa moyo, ikabedwa wakubayo asadyerere nthawi yaitali.

Ndiye chimene muyenera kusunga ndi refresh token, token yokhalitsa imene mumatengera access token yatsopano. Ku Google mumaipeza mukaika access_type=offline pamene munthu akuvomereza app yanu, ku Dropbox ndi token_access_type=offline. Script ikalandira 401 isangofa ayi, ipite ikatenge access token yatsopano pogwiritsa ntchito refresh token, ibwerere, iyesenso fayilo yomwe ija. Ma library a Google a Python amachita okha zimenezi mukawapatsa credentials zonse, koma anthu ambiri amakonda kulemba ndi library ya requests pamanja ndiye apa mpamene amagwa. Palinso kamsampha kena kamene kamapweteka mutu, app yanu ikadali pa Testing mu Google Cloud Console, refresh token nayonso imafa pakatha masiku 7, ndiye zonse zimayenda bwinobwino sabata yoyamba kenako zii, mumayamba kukayikira intaneti ya kasitomala pomwe vuto lili pa setting imodzi.

Za scope, malire a zimene app yanu ikuloledwa kugwira, ndingodutsa msanga. Musapemphe Drive yonse ya munthu ngati mukungoponyamo ma invoice, drive.file ndi yokwanira, imaona mafayilo okhawo amene app yanu yapanga kapena amene mwiniwake waipatsa.

Koma chimene ine ndimachiona chachikulu kwa ife kuno ndi kakwezedwe ka fayilo yenyeniyo, chifukwa ma tutorial ambiri amalembedwa ndi anthu amene malaiti sawathimira. Mu 2024 madzi atachepa ku Kariba tinkakhala maola ambirimbiri opanda magetsi, router pa power bank, laptop batire ikulira, ndiye muganize mukukweza video ya ukwati ya 2 GB ndi request imodzi, yafika pa 90 peresenti network yaduka, bundle yonse yapita ndipo mukuyambanso pa ziro. Google yokha imanena kuti simple upload ndi ya mafayilo a 5 MB kutsika pansi. Zazikulu mumayamba ndi uploadType=resumable, amakupatsani session URI, link yotumizirako fayiloyo, imene imakhala sabata imodzi, inu mumatumiza zidutswazidutswa, chidutswa chilichonse kupatula chomaliza chikhale 256 KB kuchulukitsa ndi nambala imene mwasankha. Ikaduka mumafunsa server kuti wafika pati, imayankha 308 ndi ma byte amene yalandira, mumapitiriza pomwepo. URI ija ilembeni pa disk, osangoisunga mu memory, apo ayi kompyuta ikazima mwaitaya. Dropbox nayo files/upload imathera pa 150 MB, kupitirira apo ndi upload_session, start, append, finish.

Ndipo onani mmene ziwirizi, kufa kwa token ndi kukweza fayilo yaikulu, zimakumanirana, pa network yathu fayilo yaikulu itha kutenga kupitirira ola, token itha kufa muli pakati, ndiye code yotenga token yatsopano ikhale mkati mwa loop yotumiza zidutswa, osati kumayambiriro kokha.

Refresh token ndi client secret (password ya app yanu) muziike mu fayilo ya .env, ndipo .env ikhale mu .gitignore, mndandanda wa mafayilo amene Git siyenera kutenga, musanapange commit yoyamba. Anthu ali ndi ma bot amene amangofufuza ma repo a public pa GitHub kusaka ma key. Ikatuluka, kufufuta mzere uja sikuthandiza poti history imasunga zonse, pitani mukaichite revoke mutenge ina. Ndipo chonde musatumize screenshot ya terminal mu gulu la WhatsApp popempha thandizo token ikuoneka, aise, muli anthu 200 mmenemo ndipo theka simuwadziwa.