Chosaneneka chimene timachinena tsiku ndi tsiku

Ndikukonzekera kulembanso mayeso a MSCE, ndiye ndikatseka kagolosale madzulo ndimakhala pa Chingelezi. Sabata yatha ndinapunthwa pa liwu loti ineffable. Dikishonale inangoti ndi chinthu chachikulu moti mawu sangachifotokoze. Sindinakhutire.

Ndinapita nalo kwa achimwene ena oyandikana nafe kuno ku Kasungu. Iwowa anaphunzira ku Kamuzu Academy, ku Mtunthama kuja, sukulu imene inatsegulidwa mu 1981 ndipo imadziwika ndi Chilatini ndi Chigiriki. Anayamba aseka, kenako n'kulidula liwulo mfundo ndi mfundo ngati nzimbe. In ndiye kukana. Effari ndi kutulutsa mawu, kuchokera ku ex, kunja, ndi fari, kuyankhula. Bilis ndi kutheka. M'Chilatini ankati ineffabilis, ndipo linalowa m'Chingelezi kudzera m'Chifalansa cha m'ma 1400. "Ngakhale infant, khanda lija, ndi pachibale," anatero. "Tanthauzo lake lenileni n'loti wosayankhula."

Ndili m'njira kubwerera m'pamene zinanditulukira kuti ife tili nalo kale, lomangidwanso chimodzimodzi: cho-sa-nen-eka. Sa akukana, nena ndiye tsinde, eka akuonetsa kutheka, ngati mu kuoneka ndi kumveka. Ndinaima pamsewu n'kuseka ndekha, wa kabaza mpaka kucheuka.

Kungoti lathuli laperepeseka ngati khasu lakale. Mvula yosaneneka, feteleza wakwera mtengo mosaneneka, kutentha kosaneneka. Apa timangotanthauza kuti zanyanya, ndipo tikatero timazinenabe ola lathunthu. Mwina kutchalitchi kokha, akamati chikondi chosaneneka cha Mulungu, n'kumene limamvekabe kulemera.

Chimene chakhala chikundizungulira m'mutu n'choti mawu akathadi, Mchewa sathamangira liwu limeneli. Amati ndinangoti kakasi, kukamwa yasa, mudzi wonse unali zii. Amakuonetsa mmene thupi linachitira, nkhaniyo n'kuisiya pomwepo.

Lamlungu ndinali kwa Santhe, kwa agogo. Poti mutu unali udakali pa zomwezi, ndinawafunsa za njala ya 2002, imene inasautsa kwambiri boma lathu lino ine ndili wakhanda.

"Agogo, zinali bwanji kwenikweni?"

Anayang'ana m'lichero kanthawi ndithu.

"Iii, mwanawe."

Basi n'kupitiriza kusenda mtedza.