Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Valavu yachitsulo kapena yanyama

Gawo lapita lija ndinalekezera pomwe ndinagwa pamasitepe kunyumba kwa madamu, dengu la zochapa lili m'manja. Munali mu 2018, ndili ndi zaka 27, chaka changa chachitatu ku Cape Town. Kwa miyezi yambiri ndinkangoti ndi mphumu, kapena ndi chisanu cha kuno chomwe ife a ku Salima sitinachizolowere. Usiku ndinkagona chokhala, mapilo atatu kumsana, chifukwa ndikangoti ndigone chagada ndinkabanika ngati wina wandikhalira pachifuwa.

Atandijambula mtima, adokotala anatembenuza pepala n'kuyamba kulemba chithunzi ndi bolopeni. Anati mtima uli ndi zipinda zinayi, ndipo pakati pa zipinda ziwiri zakumanzere pali valavu yotchedwa mitral. Mawu oti valavu ndinkawadziwira pa njinga ya bambo anga, sindinkadziwa kuti nanenso ndili nayo. Ntchito yake ndi yomweyo: magazi adutse kupita kutsogolo, asabwerere. Yanga inali itauma n'kumatana, moti pakhomo pomwe payenera kulowa zala ziwiri momasuka panangotsala kampata ngati nsonga ya kachala kakang'ono. Magazi ochokera m'mapapo ankasowa podutsa n'kumadikha komweko. Befu yense uja ankachokera pamenepo.

Kenaka anandifunsa ngati ndili mwana ndinkadwala zilonda zapakhosi. Ndinaseka. Kwathu ndani sanadwalepo zilonda zapakhosi? Koma atafunsa za mawondo ndinakhala chete. Ndili Sitandade 5 ndinatupa bondo lakumanja, patapita masiku kutupa kunasamukira kukakolo, kenaka m'chigongono. Agogo ananditema mphini. Kuchipatala chaching'ono cha kwathu anandipatsa mapiritsi opha ululu n'kutiuza kuti zitha. Zinathadi, ndinabwerera kusukulu. Adokotala anati kachilombo ka pakhosi kotchedwa streptococcus kakapanda kuphedwa ndi penisilini, chitetezo cha m'thupi chimasokonezeka n'kuyamba kumenya mafundo ndi mavalavu a mtima. Mafundo amachira, koma valavu imatsala ndi chipsera chomwe chimauma pang'onopang'ono kwa zaka. Ndiye kuti matenda omwe anandigwetsa pamasitepe ku Cape Town ndinanyamuka nawo ku Salima ndili ndi zaka 11.

Ena amawatsegula valavu ndi kabaluni kolowetsera mumtsempha wa pantchafu, osang'amba chifuwa. Ine anati sizitheka, chifukwa yanga inali yolimba kwambiri komanso inkadontha. Kuisoka n'kuikonza nakonso kunali kokayikitsa. Yofunika inali yatsopano, ndipo anati mtundu wake tisankhirane.

Sabata yotsatira tinapita ndi bambo akunyumba. Dokotala wa opaleshoni anatulutsa tizinthu tiwiri m'dirowa n'kutiika patebulo. Koyamba kanali ngati mphete yokulirapo, m'kati mwake muli tizitseko tiwiri takuda. Aliyense amati yachitsulo, koma tizitsekoto ndi ta kaboni wolimba. Anagwedeza dzanja, tinamva kuti ke-ke-ke. Iyi, anatero, siitha msanga, mukhoza kukalamba nayo. Koma magazi amakonda kuundana pa iyo, choncho mudzamwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, tsiku lililonse moyo wanu wonse, ndipo mudzayezetsa magazi pafupipafupi. Kachiwiri kanali kofewa, kotuwa. Amakapanga ndi valavu ya nkhumba kapena ndi kachikopa kokuta mtima wa ng'ombe. Iyi siifuna warfarin wa moyo wonse, koma imatha, ndipo mwa achinyamata imatha msanga kuposa mwa okalamba. Munthu wa msinkhu wanga akhoza kubwereranso kuthiyeta zaka 10 zisanakwane n'komwe, ndipo kung'amba chifuwa kachiwiri n'kovuta kuposa koyamba.

Bambo akunyumba anafunsa zomwe ine ndinkaopa kufunsa. "Nanga za mwana wina?" Tili ndi mtsikana mmodzi, nthawi imeneyo anali ndi zaka 6, ankakhala ndi amayi anga kumudzi. Adokotala sanazungulire. Warfarin amatha kuwononga mwana m'mimba, makamaka pakati pa sabata ya 6 ndi ya 12. Mayi wa valavu yachitsulo akatenga pakati amafunika kumuyang'anira kwambiri, nthawi zina kumusinthira ku majakisoni a heparin, omwenso amaletsa magazi kuundana, ndipo ngakhale atero valavu ikhoza kutsekeka ndi magazi oundana. Ena amabereka bwinobwino, ena amataya mwana, ena amataya moyo.

Ine ndinati, "Adokotala, inuyo mungasankhe iti?"

Anandiyang'ana n'kundifunsa funso lomwe sindinaliyembekezere: "Zaka zisanu zikubwerazi mudzakhala muli kuti? Kuno kapena kwanu? Mukakhala kwanu, malo oyezera INR, nambala yoonetsa mmene magazi akuchedwera kuundana, ali pa mtunda wotani?"

Pamenepa ndi pomwe ndinayamba kumvetsa kuti kupambana kwa opaleshoni sikuthera pa mpeni. Dokotalayu anali wokonda kuphunzitsa, ndipo anatenga nthawi. Anati zambiri zomwe madokotala amadziwa pofanizira mavalavu awiriwa zinachokera ku America ndi ku Ulaya. Kafukufuku mmodzi wotchuka anachitika m'zipatala za asilikali akale ku America, pomwe anthu 575 anaikidwa mavalavu pakati pa 1977 ndi 1982, wina yachitsulo wina yanyama mwa maere, kenaka n'kuwatsatira kwa zaka 15. Anapeza kuti achitsulo ankavutika kwambiri ndi kutaya magazi, pomwe anyama, makamaka osakwana zaka 65, valavu inkawathera. Koma onse 575 aja anali amuna. Panalibe ndi mmodzi yemwe woti akatenge pakati, ndipo palibe amene ankakwera kabaza kenaka minibasi kuti akayezetse magazi.

Anandiuzanso za kafukufuku wina wotchedwa REMEDY, yemwe anatsogoleredwa kuchokera ku yunivesite ya Cape Town ndi Liesl Zühlke pamodzi ndi malemu Bongani Mayosi. Ameneyu ndiye anawerenga anthu onga ine. Analemba odwala mtima wa mtundu uwu 3,343 m'mayiko 12 a mu Africa, kuphatikizapo Malawi ndi Zambia, komanso ku India ndi ku Yemen. Theka la iwo anali osapitirira zaka 28. Awiri mwa atatu alionse anali akazi. Patapita zaka ziwiri, pafupifupi 17 mwa 100 alionse anali atamwalira. Mwa omwe ankamwa warfarin n'kuyezetsa, osakwana mmodzi mwa atatu ndi amene magazi awo anali pa mlingo woyenera. Ndinamvetsera ngati akuwerenga kalata yochokera kwathu.

Ndinafunsa ngati kulibe mapiritsi atsopano osafuna kuyezetsa, poti madamu ankamwa ena otero chifukwa cha mtsempha wa mwendo. Anapukusa mutu. Anayesapo kale amodzi otchedwa dabigatran pa anthu a mavalavu achitsulo, ndipo kafukufukuyo anaimitsidwa asanathe chifukwa omwa mankhwalawo ankafa ziwalo ndi kutaya magazi kuposa a warfarin. Zotsatira zake zinatuluka mu 2013. Choncho tinatsala ndi warfarin yemwe uja, mankhwala omwe anayamba ngati ophera makoswe mu 1948 asanavomerezedwe kwa anthu mu 1954. Bambo akunyumba atamva zimenezi anagwira pakamwa.

Usiku umenewo ndinaimbira amayi. Netiweki inkangodukaduka. Ndinawafotokozera zonse, iwo anangomva za nkhumba. "Mwanawe, akuikira mtima wa nkhumba?" Ndinati ayi amayi, kachitseko kokha. Anakhala chete, kenaka anati, "Ineyo mdzukulu ndili naye kale, ali pompano akudya nsima. Amene ndikumufuna ndiwe." Bambo akunyumba anali atakhala pamphepete pa bedi, anamva zonse. Sanalankhule mpaka m'mawa. Akuvala nsapato zopitira kuntchito anati, "Mayi, tengani yosathayo. Sitikudziwa ngati zaka 10 zikubwerazo tidzakhale ndi mwayi wa thiyeta ina." Ndinkadziwa kuti ankafuna mwana wamwamuna. Sanazitchulenso, mpaka lero.

Ena angati tinalakwitsa, ndipo ndinakumanapo ndi mtsikana wa ku Zimbabwe pamzere wa kiliniki yemwe anasankha yanyama, anabereka ana awiri, ndipo tsopano akudikira opaleshoni yachiwiri mosadandaula. Sindimuona ngati wopusa. Tinawerenga manambala omwewo, koma aliyense anawaika pa moyo wake.

Popita kukagonekedwa, takisi inadutsa m'munsi mwa chipatala cha Groote Schuur, ndipo dalaivala, atamva komwe ndikupita, anayamba kundilimbitsa mtima ndi nkhani ya Christiaan Barnard, yemwe pa 3 Disembala 1967 anaika mtima wa munthu wina mwa munthu koyamba pa dziko lonse. Anthu a kuno amainyadira nkhaniyi. Chomwe dalaivala sananene, ndinadzachiwerenga pambuyo pake: wodwalayo, Louis Washkansky, anakhala masiku 18 okha, chibayo n'kumutenga. Wodwala wachiwiri wa Barnard, Philip Blaiberg, anakhala miyezi 19. Anthu amakumbukira tsiku la mpeni. Ife odwala timawerenga masiku obwera pambuyo pake.

Za m'thiyeta ndilibe chokumbukira kupatula kuzizira ndi nesi yemwe anandigwira phazi. Zina ndinachita kufunsa. Amadula fupa lapakati pa chifuwa kuchokera m'mwamba mpaka m'munsi. Amalumikiza mapaipi kuti magazi azipita m'makina omwe amagwira ntchito ya mtima ndi mapapo, makina omwe John Gibbon anawagwiritsa ntchito bwino koyamba ku Philadelphia mu 1953. Kenaka amathira madzi ozizira a potaziyamu, mtima n'kuima. Wanga unaima kupitirira ola limodzi. Atasoka valavu anaulola magazi ofunda, unayambanso. Fupa analimanga ndi mawaya omwe ndili nawobe, amaoneka pa ekisile ngati mfundo za mpanda.

Ndinadzidzimukira ku ICU paipi ili kukhosi, ina iwiri ikutuluka pansi pa nthiti. Tsiku lachiwiri anabwera mayi wa mafizo ndi pilo wamng'ono. Anati kumbatirani, tsokomolani. Ndinamuyang'ana ngati mfiti. Kutsokomola ndi chifuwa chomangidwa ndi waya, abale, sindikufunira munthu. Koma anati mapapo akapanda kutseguka m'munsimu mumakhala makhololo, chibayo n'kulowa. Ndinakumbukira zilonda zapakhosi zija zomwe tinazipeputsa, ndinatsokomola misozi ili chuchuchu.

Usiku wachitatu, wodi itakhala zii, ndinamva wotchi. Ndinayang'ana pakhoma, panalibe. Ndinayang'ana mkono wa mayi wa bedi loyandikana, analibe. Ke, ke, ke. Inali mwa ine.

Ndisanatuluke kunabwera nesi wa kafukufuku ndi fomu. Anapempha chilolezo choti alembe za ine m'kaundula wawo ndi kumandiimbira chaka ndi chaka. Anandifotokozera kuti ndikakana chithandizo changa sichisintha. Ndinasaina. Anapempha nambala yanga, ya amuna anga, ndi ina ya wachibale wa ku Malawi. Nditadabwa, anati vuto lawo lalikulu ndi anthu osowa. Munthu amachira, amabwerera kwawo, amasintha simu, basi. M'mabuku salembedwa kuti ali moyo, salembedwa kuti anamwalira. Ndipo nthawi zambiri osowawo ndi omwe ali kutali ndi chipatala, omwe nkhani yawo madokotala akufunitsitsa kuidziwa. Ndinamupatsa nambala ya achimwene anga a ku Lilongwe, amene sanasinthepo nambala chigulire foni.

Moyo wanga tsopano uli m'kabuku kakang'ono ka INR. Nambala yanga iyenera kukhala pakati pa 2.5 ndi 3.5. Ikatsika, magazi akhoza kuundana pa valavu. Ikakwera, nkhama zimatuluka magazi potsuka mano. Masamba sanandiletse, anangoti ndisamasinthesinthe, chifukwa vitamini K wa m'masamba obiriwira amafooketsa warfarin. Nditapita kumudzi mu 2022 nthawi ya dzinja, nkhwani wotendera ndi bonongwe tsiku ndi tsiku, ndinabwerako nambala ili pa 1.8 ndipo nesi anandikalipira ngati mwana. Mwezi wonse uja sindinayezetse, chifukwa komwe ndinapita anati zoyezera zatha. Funso la dokotala lija linandibwerera ndili m'basi pa Beitbridge. Jakisoni wa penisilini ndimabayitsabe mwezi ndi mwezi, kuteteza mavalavu otsalawo. Brufen wa m'golosale ndinasiyana naye. Mankhwala azitsamba omwe azakhali amanditumizira ndimathokoza n'kuwaika m'kabati.

Ulendo womwewo ndinatenga mwana wanga kupita naye ku Lilongwe kuti akamujambule mtima. Ndinali nditamva za kafukufuku wa ku Gulu, ku Uganda, wa mu 2021, pa ana omwe sikani inawapeza ndi matendawa asanayambe kudwala. Mwa obayidwa penisilini mwezi ndi mwezi kwa zaka ziwiri, matenda anakula mwa osakwana mmodzi pa 100 alionse; mwa osabayidwa anakula mwa 8. Mtima wa mwana wanga anaupeza uli bwino. Amayi ndinawauza kuti mwanayo akangodandaula pakhosi, asadikire mawa.

Usiku womaliza tinagona pamphasa imodzi, ine ndi iye. Nyali itazima anadzuka n'kufunsa chomwe chikulira. Ndinagwira mutu wake n'kuuika pachifuwa panga, pa chipsera. Anamvetsera nthawi yaitali, akuwerenga chapansipansi, n'kufika pa 60 ndi kuyambiranso. Kenaka anafunsa ngati imafuna batire. Ndinati ayi. Anati, "Nanga ikaima mudziwa bwanji?" Amayi, amene tinkayesa kuti agona kale kuchipinda chinacho, anayankha kuti, "Iwe, gona."