Nkhope ya ambuya pa katoni

Ntchito yanga ndi yolemba zikwangwani. Ngati munadutsapo ku Kapata, mu mzinda wa Chipata kuno ku Zambia, n'kuona dzina la golosale kapena la malo ometera litalembedwa ndi penti wofiira, mwina ndi dzanja langa limenelo. Loweruka masana ndikamatsuka maburashi, pakhonde panga pamabwera ana asukulu atatu. Sindinawaitane. Anayamba n'kupempha penti wotsalira m'zitini, mapeto ake anangokhazikika.

Amene amandikhala pamtima ndi mtsikana wa Giredi 11. Iyeyu penti alibe naye ntchito. Amabwera ndi makala a m'mbaula atawakulunga m'pepala, ndi katoni yopempha ku mashopu, n'kuitambasula pansi. Miyezi itatu yathunthu wakhala akujambula nkhope imodzi yokha: mayi wokalamba wovala duku, wa mphini m'masaya. Tsiku lina ndinamufunsa kuti, "Mwanawe, dziko lonseli palibenso china choti ujambule?"

Anayankha osadzutsa mutu. "Amalume, awa ndi ambuya anga a ku Katete. Anatisiya opanda chithunzi ngakhale chimodzi. Ndikachedwa ndiwaiwala."

Ndinasowa chonena. Ambuyawo ankaumba mbiya, ndipo mwanayu akuti ankakhala pambali pawo n'kumawapatsira madzi m'chikho. N'chifukwa chake zala zawo zodzaza dongo amazijambula bwino kuposa mmene ine ndingachitire, chonsecho burashi ndinayamba kuigwira iye asanabadwe. Nkhope ndiyo imamuzemba. Lero mphuno yafanana, sabata yamawa pakamwa pasokonekera. Amafufuta ndi chala chachikulu mpaka katoni kuda bii, n'kutenga ina.

Wachiwiri ndi mnyamata wachibwibwi. M'kalasi sakweza dzanja chifukwa anzake amamaliza okha mawu ake, ena n'kumaseka. Atate ake anamutengerako ku Mtenguleni pa mwambo wa Angoni wa Nc'wala mu February, ndipo kuchokera pamenepo amangojambula ovina ingoma. Zikopa, nthenga ndi zishango amazikhudza pang'ono chabe. Mphamvu zake zonse amaziika pa mapazi ndi fumbi, moti ukamayang'ana pepala lake umachita ngati ukumva mgugu wake. Akamaliza amangondipatsira, osanena kanthu, n'kumandiyang'ana m'maso.

Wachitatu sabisa: akufuna ndalama. Amajambula njovu ndi akambuku kuti azigulitsa kwa alendo opita ku Mfuwe, ngakhale kambuku anangomuonera pa foni. Boma linachotsa fizi ya sukulu mu 2022, inde, koma nsapato, yunifomu ndi makope sizigwa kumwamba, ndipo kwawo ndi ana asanu. Ena amati luso lotere ndi lotsika. Ine ndimakana. Inenso ana anga akula ndi zilembo za pamakoma a anthu.

Chimene chimandipweteka ndi mawu amene onse atatu amamva kunyumba, akuti kujambula sikudyetsa munthu, ndi masewera a ana. Ena amachita kukuona ngati chinthu chobwera ndi azungu. Chonsecho kuno kwathu konkuno, pamiyala ya ku Thandwe, pali zojambula za anthu akale zimene zilipo mpaka lero. Ndimawauzanso anawa za katswiri wojambula Henry Tayali, amene anamwalira mu 1987, koma dzina lake lili pa nyumba yoonetseramo zaluso ku Showgrounds ku Lusaka. Ndimawauza kuti ku koleji ya Evelyn Hone, komweko ku Lusaka, anthu amakaphunzira zomwezi n'kutenga mapepala. Amamvetsera, koma Lusaka ali pa mtunda woposa makilomita 500, ndipo pensulo yabwino yomwe ndi nkhani kuipeza. Chimene ndingathe ine ndi khonde, penti wotsala, ndi kuwaonetsa mmene mthunzi umagwera pansi pa chibwano.

Sabata yatha mtsikana uja analimba mtima n'kukaonetsa amayi ake katoni imene ankaiona kuti yafikapo. Akuti amayiwo anaigwira nthawi yaitali ali chete, nsima ili pamoto. Kenako anapukuta m'maso ndi chitenje n'kuloza tsaya lakumanzere. "Mphini apa zinali zitatu, osati ziwiri. Ndipo amayi akamaseka, diso ili linkatsinzina."

Loweruka lino wafika m'mawa ndisanatsegule n'komwe, katoni yatsopano ili m'khwapa.