Mbiri ya moyo wanga, gawo la 7: "Wakukonzerani ndani?"

Zikomo nonse amene munalemba ndemanga pa gawo lapita lija, makamaka inu amene mukufunsa kuti nditasiya ntchito kwa bwana wanga wakale uja ndinalowera kuti. Zaka zapakatipo ndizilumpha. Kunali kulemba makalata ofunsira ntchito basi, mayankho osabwera.

Kalata yondiitana ku intavyu itafika, inati ndikonze nkhani ya mphindi 10 pa PowerPoint (pulogalamu ya pa kompyuta yoonetsera masilaidi, kutanthauza masamba a nkhani, pa sikirini), ndifotokoze zimene ndingachite m'miyezi itatu yoyamba atandilemba ntchito. Achemwali anga aja ndiwo ankandimvetsera madzulo, wotchi ili m'manja. Masilaidi ndinaika ochepa, a zilembo zikuluzikulu. Fayilo ndinaisunga pa flash, ina ngati PDF, chifukwa zilembo za PowerPoint zimatha kusintha ukatsegula pa kompyuta ya eni ake.

Tsiku la intavyu, ndili pa silaidi yachiwiri, bambo wina amene anakhala kumapeto kwa tebulo anakweza dzanja. "Mayi, tiuzeni zoona. Wakukonzerani ndani zimenezi?"

Mpaka lero mawu amenewo amandiwawa. Sanafunse chifukwa chimene ndinayambira ndi madandaulo a makasitomala. Sanafunse chilichonse chokhudza ntchitoyo. Anayang'ana sikirini, anayang'ana ine, n'kuona kuti zimene zili pakhomazo sizingachokere m'mutu mwanga. Kukhosi kunauma gwa. Manja ankanjenjemera. Anzake aja anangoti zii, maso pa mapepala. M'makutu mwanga munabwerera mawu a bwana wakale uja, oti ine ndine wongotumidwa, kuganiza ndisiyire ena.

Ndinadina batani la B, lomwe limadetsa sikirini yonse pa PowerPoint. Ndinati, "Bambo, mundilole ndipitirize popanda masilaidi."

Ndikudziwa ena munena kuti ndinachita mwano, monga munanenera pa nkhani ya kalata yosiyira ntchito ija. Sunali mwano ayi. Ndikanangoyankha kuti ndakonza ndekha, akanakhulupirira bwanji? Umboni unali umodzi wokha, woti andimve ndikufotokoza kuchokera pamtima, kenako andipanikize ndi mafunso mmene angafunire. Anandipanikizadi, mpaka nthawi inapitirira, ndipo funso lomaliza anafunsa ndi bambo omwe aja, ulendo uno lokhudza ntchito.

Foni yondiuza kuti ndikayambe inabwera sabata yotsatira. Bwana wanga wakale, ndamva kuti mumawerenga nawo zimenezi. Ntchito imene anthu a ku intavyu aja anandipatsayo inali yotsogolera anthu, yofuna kuganiza tsiku lililonse.

Gawo likubwerali ndikuuzani mmene ndinakhalira ofesi imodzi ndi bambo wa funso uja.